Chikho Chimene Ndinabisa M'limba

Chisomo ndi Tadala, ana anga,

Tsiku lija Tadala anafuna kutaya kakapu kong'aluka m'mlomo kamene kamakhala pamwamba pa kabati, ine n'kumukalipira mpaka mlendo wake kuchita manyazi, ndinalonjeza kuti ndidzafotokoza. Pakamwa ndayesa kawiri konse, koma ndalephera. Ndiye ndalemba. Ndalemba m'Chichewa dala, ngakhale ndikudziwa kuti inu obadwira ku Kimara mumachimva koma mumayankha m'Chiswahili. Muvutike nacho pang'ono, sichiluma. Za ubwana wanga ku Ntcheu ndidumpha, amayi anu anakuuzani kale zambiri, zina zongowonjezera okha.

Ku Msasani, zaka za m'ma 1990

Ntchito yanga yoyamba mu Dar es Salaam anandipezera ndi malume anga, m'nyumba ya mzungu wina wogwira ku ofesi ya kazembe ku Msasani. Dona wa pamenepo anali ndi masupuni, mafoloko ndi mbale zasiliva zodzaza kabati, ndipo ntchito yanga Lachisanu lililonse inali kuzipukuta. Mayi ameneyo, abale! Ankatenga supuni imodziimodzi n'kumadziyang'anira nkhope. Akapanda kuona mphuno yake bwinobwino, supuni ija inkabwerera kwa ine. Ndinkatukwana chamumtima, koma m'zaka zinayi zimenezo ndinaphunzira luso limene linadzandidyetsa moyo wanga wonse: phulusa losefa bwino, ndimu pang'ono, nsalu yofewa, ndi dzanja losafulumira.

Kumeneko ndiko ndinadziwana ndi Che Ajida, amene inu mumawatcha amalume a ku Magomeni. Masiku amenewo analibe sitolo, ankayenda pa njinga kugulitsa mbale ndi makapu khomo ndi khomo. Tsiku lina galu wa dona anawathamangitsa, iwo n'kufuula kuti, "Mayo ine, ndafa!" Ndinataya tsache n'kuthamangira ku geti, osati chifukwa cha galu, koma chifukwa cha mawuwo. Anali Msilamu wa ku Mangochi, ine Mkhristu wa ku Ntcheu, ndipo kuyambira tsiku lomwelo takhala tikunyozana mwachibale mpaka lero.

Ku koleji

Azungu aja atabwerera kwawo, mkulu wa mpingo wina anandiuza kuti pa koleji ya mpingo wathu, kupitirira Kimara pang'ono, kupatuka pa msewu wa Morogoro, akufuna munthu wosunga makiyi, sitolo ndi tchalitchi. Musaganize za koleji yaikulu ayi. Makalasi anayi, nyumba ziwiri zogona ophunzira, khitchini, tchalitchi chaching'ono ndi mtengo wa mango pakati. Ophunzira sanakwanepo zana. Ankabwera kuchokera m'madera onse a dziko lino kudzaphunzira ulaliki ndi uphunzitsi, ambiri a iwo ana a alimi.

Amene anandifunsa mafunso anali Abusa Mpangala. Nthawi imeneyo anali mphunzitsi chabe woyang'anira tchalitchi, ukulu wa koleji anadzaulandira pambuyo pake. Kwawo kunali ku Mbamba Bay, ndipo atamva dzina langa anasiya Chiswahili n'kuyamba Chinyanja cha kwawoko. Makalata anga sanawayang'ane n'komwe. Anatsegula kabati n'kuika patebulo chikho chachikulu chakuda bii.

"A Banda, ichi mungachitani nacho?"

Ndinapempha phulusa ndi ndimu. Patapita ola limodzi ndinachibweza. Anachikweza, n'kudziyang'anira monga ankachitira dona uja, kenaka anaseka mpaka kutsokomola. "Kani ndine wonyansa chonchi? Zaka zonsezi chikhochi chimandibisira! Ntchito mwaipeza."

Tsopano mumvetse bwino za chikho chimenechi, chifukwa nkhani yonse ili pamenepa. Chinali chasiliva, chimodzi chokha, chosiyidwa ndi amene anayambitsa koleji. Pa Mgonero aliyense ankamwera m'menemo, kuyambira wophunzira wa chaka choyamba mpaka ophika a kukhitchini. Munthu akamwa, abusa amapukuta mlomo wa chikho ndi kansalu, n'kuchitembenuza pang'ono, n'kupatsa wotsatira. Ndipo mwambo wa mpingo wathu ndi wakuti vinyo wodalitsidwa satayidwa pansi, sabwezedwanso m'botolo. Onse akatha kumwa, chotsala amamaliza ndi m'busa amene watsogolera Mgonerowo. Zaka zoposa makumi awiri ndinkaima pambali ndi nsalu yanga padzanja, kuonerera Abusa Mpangala akupendeketsa chikho chija mpaka dontho lomaliza. Sindinaganizepo kuti pamenepo pali choopsa.

Anali bwana wovuta m'njira yakeyake. Sankakalipa. Ukalakwa ankangokuyang'ana pamwamba pa magalasi, iwe wekha n'kuyamba kuulula ngakhale zimene sanakufunse. Ndipo anali ouma mutu, ana inu, ouma mutu kuposa amayi anu. Mkazi wawo atamwalira, madokotala anawapeza ndi matenda a shuga, koma kuti apume ntchito, ayi ndithu.

Malichi 2020

Korona tinkangoimva pa wailesi ngati nkhani ya maiko a kutali. Kenaka boma linalamula kuti sukulu ndi makoleji zitsekedwe, ndipo m'masiku awiri pamalo pathu panali zii. Ndinayenda chipinda ndi chipinda kutseka mazenera, ndikupeza apa sopo wotsala, apa Baibulo lotsegula, apa nsapato imodzi. Nditamaliza ndinapita ndi makiyi kwa Abusa, poganiza kuti nanenso andiuza kuti ndikakhale kunyumba.

"Makiyi sungani," anatero. "Ndipo belu la m'mawa lizilira monga mwa masiku onse."

"Liziitana ndani, Abusa? Mbuzi za anansi?"

"Liziitana inu ndi ine. Kodi ndife ochepa?"

Ndiye m'mawa uliwonse ndinkakwera minibasi ya daladala, kumaso barakoa yophimba mphuno ndi pakamwa, imene amayi anu anasoka ndi chitenje chawo chakale, n'kukaimba belu m'koleji yopanda munthu. Tinkakhala awiriwiri m'tchalitchi, iwo kutsogolo, ine benchi lomaliza. Ankatsegula kaundula n'kumatchula dzina la wophunzira aliyense ndi mudzi wa kwawo, mmodzimmodzi, osadumpha ndi mmodzi yemwe. Poyamba ndinkaona ngati ndi zotaya nthawi. Koma sabata yachiwiri ndinazindikira kuti kaundula uja sakumuyang'ananso. Maina onse ali m'mutu, pamodzi ndi kuti uyu amayi ake ndi odwala, uyu mkazi wake ndi woyembekezera, uyu amachita chibwibwi akaima pa guwa. Ndinachita mantha, mantha aja amene umachita ukaona chinthu chachikulu pamalo pamene unkapayesa pawamba.

Maphunziro sanaime. Aphunzitsi ankajambula mawu awo pa foni n'kutumiza. Abusa foni inkawavuta, ndiye ine ndinkawagwirira pafupi ndi pakamwa, iwo ataimirira m'kalasi yopanda anthu, choko m'manja, kumalemba pa bolodi zinthu zimene palibe akanaziona. Ophunzira ena ankayankha patapita masiku atatu, ati netiweki amakaipeza pa chulu kuseri kwa mudzi. Chimene chinatisautsa kwambiri chinali madzi. Aliyense ankati sambani m'manja, sambani m'manja, koma kwathu kuja mpopi unkatha masiku uli gwa. Ndinakumba ngalande, ndinakonza matanki awiri akale kuti tikolole madzi a mvula yaikulu imene kuno amaitcha masika, ndipo ndinaboola ndowa zonse za m'sitolo n'kuziika timipopi. Msana wanga sunabwererenso mwakale kuchokera pamenepo.

Juni 2020

Makoleji anatsegulidwa, ana n'kubwerera, owonda koma amoyo. Mabenchi tinawatalikitsa, ndowa pakhomo lililonse. Lachinayi la sabata yoyamba aphunzitsi anakhala pansi kukambirana za Mgonero wa Lamlungu, ine ndikuwathirira tiyi, makutu ali tcheru. Wachiwiri kwa mkulu wa koleji anali Abusa Lyimo, wachinyamata wa ku Kilimanjaro, wophunzira bwino, amene mkazi wake anali atangobereka kumene mwana woyamba. Iye ananena mosapsatira kuti chikho chimodzi chiyambe chapuma, tipeze timakapu, aliyense kake. Ankalankhula Chiswahili, koma ndikuuzani m'chathu.

Abusa Mpangala anamvetsera mpaka pamapeto. Kenaka anati, "Chikho ndi chimodzi chifukwa ifenso ndife amodzi. Zaka zonsezi ndaphunzitsa ana awa zimenezo. Lero ndikawauze kuti mlomo wa mnzako ndi woopsa? Amene akuopa adutse osamwa, palibe tchimo, ndipo palibe amene adzamuloze chala. Koma chikho chikhalapo."

"Nanga chotsala, Baba?" anafunsa a Lyimo. "Milomo yonse ija ikatha, amwa ndani?"

"Amene amamwa masiku onse."

Tiyi anatayikira pa sosala. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, wa shuga, kumwa zotsala za ana ochokera kumene m'mabasi a dziko lonse! Ndinafuna kulankhula, koma wosunga makiyi salankhula pa msonkhano wa aphunzitsi.

Madzulo ake chakudya chinandikanika. Amayi anu anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo a Chisomo, mwangotosatosa mbale. Kwagwanji?" Ndinawafotokozera zonse. Anatsuka m'manja, kenaka anafunsa ngati akufunsa za nyengo, "Kodi makiyi a kabati ya chikhocho amasunga ndani?"

"Mukutanthauza chiyani, mayi a Chisomo?"

"Ine? Ine sindinanene kanthu. Ndangofunsa."

Mpaka lero amakana kuti maganizowo anali awo.

Loweruka m'mawa, ana ali kochapa, ndinalowa m'kachipinda ka kuseri kwa guwa. M'menemo munali limba lakale lopopa ndi mapazi, limene linafa kalekale, mokhala mphemvu. Ndinakulunga chikho m'nsalu yake, ndinatsegula thabwa la kumbuyo kwa limba, n'kuchilowetsa m'kati. Ine amene sindinatengepo ngakhale kandulo imodzi ya pa koleji, ndinali nditaba chinthu chopatulika koposa zonse pamalopo. Kenaka ndinapita ku ofesi kukanama.

"Abusa, chikho sindikuchiona."

A Lyimo anali pomwepo, ndipo anadzuka n'kugwetsa mpando. Ngakhale ankatsutsa chikho chimodzi, kubedwa kwake sanakufune. Anati tiitane apolisi, ndipo anaitanitsa mlonda wathu, Mzee Shabani, bambo wokalamba amene anafika chipewa chili m'manja. Apa ndiye ndinaona kukula kwa chimene ndachita. Ndinali nditaganizira za moyo wa Abusa, koma sindinaganizire kuti munthu wosalakwa akhoza kukagona m'chitokosi chifukwa cha ine. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule.

Abusa Mpangala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, nthawi yaitali, ndipo ndi iwo amene anayamba kulankhula. "Apolisi asabwere. Mzee Shabani, pepani, bwererani ku geti, inu mulibe mlandu." Kenaka anatembenukira kwa ine m'Chinyanja. "Kukhitchini kulibe chikho china chachikulu?"

"Zapulasitiki zokhazokha, Abusa, zong'ambika milomo." Limenelo linali bodza lachiwiri, chifukwa m'sitolo munali jagi yagalasi yabwinobwino.

"Chabwino. Ndiye mawa timwera m'chiyani, a Banda?"

"Ndikudziwa munthu wina ku Magomeni."

"Pitani," anatero, n'kubwerera ku mapepala awo.

Ndinakwera basi ya mwendokasi pa Kimara, thukuta lili kamukamu m'kati mwa barakoa. Che Ajida ndinawapeza atakhala pakhomo pa sitolo yawo, nawonso atavala yawo pachibwano, m'malo mwa pamphuno.

"Achimwene, nkhope imeneyo bwanji? Mwaba chiyani?"

Iwo ankaseka, koma ataona kuti ine sindikuseka anandikokera m'kati, ndipo ndinawauza zonse. Anali munthu woyamba kumva, kupatula amayi anu. Anapukusa mutu. "Inu a Banda, kukalamba konseku mwayamba kuba m'nyumba ya Mulungu? Koma mkulu wanuyo ndimamudziwa. Chaka chija mayi anga anamwalira, anabwera kudzakhala nafe pa mkeka tsiku lonse, m'busa wathunthu. Ameneyo asafe ndi zotsala za ana." Anayang'ana m'mashelefu. Timagalasi tating'ono analibe. Kenaka anakwera pa mpando n'kutsitsa katoni yafumbi. M'kati munali timakapu ta khofi, amene kuno amati kahawa, tija topanda chogwirira, timene amayenda nato anyamata ogulitsa kahawa ndi maswiti a mtedza aja otchedwa kashata m'misewu, toyera, ta timaluwa tobiriwira.

"Che Ajida, mukufuna tikachite Mgonero wa Ambuye m'makapu a pa kona?"

"Nanga a pa kona si anthu? Tatsopano iti, sanamwerepo munthu. Tengani. Koma mukauze Mulungu wanu kuti kashata ndilibe, adzigulire yekha."

Lamlungu ndinatindandalika pa mathireyi awiri a kukhitchini, n'kuthira vinyo pang'onopang'ono m'kalikonse. Nditachotsa nsalu pamwamba, ana anayamba kugwedezana ndi zigongono, ena kuseka m'kati mwa barakoa. Ndani sadziwa makapu amenewo? Ine ndinafuna nthaka indimeze. Abusa anaima, anayang'ana mathireyi aja kwa kanthawi, kenaka anatola kamodzi ndi zala ziwiri, ndendende mmene amagwirira madalaivala a bajaji, njinga zamoto za mawilo atatu zija, pa siteji.

"Makapu awa mukuwadziwa," anatero. "Amamwera onyamula katundu, alonda, ndi anthu amene alibe pokhala. Chikho chathu chasiliva palibe. Ndiye lero Ambuye atipeza pamene amapezera anthu amenewo. Aliyense atenge kake, koma asamwe. Tidikirane."

Kuseka kunatha. Mmodzimmodzi ankabwera, kutenga, kubwerera pamalo pake, kuima. Onse atatenga, Abusa ananena mawu aja a masiku onse, ndipo tchalitchi chonse chinatsitsa barakoa n'kumwa nthawi imodzi. Zaka zonse zija tinkamwa motsatizana, womaliza akudikira mpaka miyendo kuwawa. Tsiku limenelo anthu onse anameza limodzi, ndipo m'kachetechete mmenemo ndinamva kumezako ndi makutu angawa. Kenaka timakapu tija tikubwerera pa thireyi, ngwee, ngwee, ngwee. Tsitsi linandiimirira. Ndinayang'ana Abusa: kakapu kawo kanali kopanda kanthu, ndipo panalibe chotsala choti amalize.

Ine ndekha sindinamwe. Munthu wa mabodza awiri pakamwa angayandikire bwanji? Miyezi inapita, Lamlungu lililonse ndikuwiritsa makapu m'sefuliya yaikulu, kuwapukuta, kuwandandalika, koma osatengako. Tsiku lina Abusa anandiimitsa pansi pa mango. "A Banda, Mgonero simukudya masiku ano."

"M'mimba, Abusa. Vinyo akundivuta."

"Pepani," anatero. "Mimba imeneyo yakhalitsa." Limenelo linali lachitatu.

Febuluwale 2021

Tinkayesa kuti zatha. Anthu anali atataya barakoa, mabasi akudzaza ngati kale. Kenaka chaka chatsopano chitangoyamba, mauthenga a maliro anayamba kugwa pa foni motsatizana, makamaka a akuluakulu. Dzina la matenda anthu sankalitchula, ankangoti vuto la kupuma. Abusa ankaitanidwa uku ndi uku kukaika anzawo m'manda, ndipo sanakanepo. Ndinawadandaulira, a Lyimo anawadandaulira. Ankangoti, "Munthu amene ndinaphunzira naye kalasi imodzi, akamuike mlendo?" Ndinali nditatseka khomo limodzi, matenda analowera lina.

Kuchipatala anakhalako masiku angapo, kenaka anapempha okha kuti abwerere kunyumba yawo ya pa koleji. Mpingo unawapezera silinda ya mpweya, ndipo mwana wawo wamkazi, amene ndi namwino, ndiye yekha ankalowa m'chipinda. Belu ndinkaliimbabe, ndipo iye anandiuza kuti likalira bambo ake amayamba kutchula maina a ana, mpweya ukawathera n'kumangoyendetsa milomo.

Lachiwiri lina m'mawa, dzuwa litakwera, namwino uja anabwera kudzatiitana, ine ndi a Lyimo. Abusa akufuna Mgonero. Ndinatenga mkate, botolo la vinyo ndi timakapu titatu. Tinaima pakhonde, pa khomo la chipinda lotsegula, mabarakoa kumaso. Iwo anali atatsamira mapilo, atatha, maso okha ndi amene anali akadali awo. Anachotsa chopumira cha silinda ija pamphuno n'kundikodola.

"A Banda." Ankalankhula mawu awiri, n'kupuma. "Katengeni chikho chija. M'limba."

Ndinagwira chitseko. A Lyimo ankangotiyang'ana, chifukwa Chinyanja sankachimva.

"Munadziwa liti, Abusa?"

"Lolemba lake. Ndinati nditsegule limba. Ndione ngati lingakonzeke." Anayesa kuseka, chifuwa chinawakaniza. "Ndinachibwezera momwemo."

"Bwanji osanditulutsa ntchito? Ndinakunamizani katatu."

"Ndinawerenga." Anapuma nthawi yaitali. "Ndinali nditalankhula kale pamaso pa aphunzitsi. Ine wouma mutu. Sindikanabwerera ndekha. Ndikanadwalitsa ana. Inu munanditsegulira njira." Kenaka anandiyang'ana monga kale, ngakhale magalasi panalibe. "Koma lero mudya. Mimba yapola."

Ndinathamanga ngati mwana, ine wa imvi. Ndinatsegula limba, chikho chili momwemo, chitada chifukwa cha miyezi isanu ndi itatu ya chinyezi. Phulusa panalibe nthawi yolifuna. Ndinachitsuka, n'kuchipukuta ndi malaya anga ndikuyenda, misozi ikugwera pomwepo. A Lyimo anachiyang'ana n'kuchilandira.

Anayamba mapemphero ali pakhomo pomwepo. Anathira vinyo m'timakapu tiwiri, kanga ndi kawo, kenaka m'chikho chachikulu cha wodwala. Koma chikho chija anazolowera kuchithirira anthu ambiri. Vinyo anakhuthuka mpaka kufika theka. Anadalitsa asanazindikire. Ine ndinaona, namwino anaona, ndipo a Lyimo atayang'ana m'chikhomo nkhope inasintha. Wodwala amangonyowetsa milomo. Chotsala sichitayidwa. Ndipo wotsogolera Mgonero tsiku limenelo sanali Abusa Mpangala, anali bambo wa kamwana ka miyezi isanu ndi inayi.

"Thirani pansi, Mulungu amvetsa," ndinanong'ona.

"Ayi," anayankha motsitsa mawu. "Ndi ntchito yanga. Ndimwa."

Tinadya mkate. Ine ndinamwa kakapu kanga, koyamba chichokereni Juni, ndipo vinyo anandiwotcha mpaka pamtima. Namwino anatenga chikho n'kupita nacho pa bedi. Abusa anachigwira ndi manja awiri, anamwa pang'ono, n'kuyang'ana m'kati. Mwana wawo anatambasula dzanja kuti achilandire. Iwo anapukusa mutu.

Anamwanso. Anapuma, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale. Anabwezera chopumira pamphuno, anakoka mpweya kangapo, anachichotsa, anamwanso. Mwana wawo anati, "Baba, shuga wanu, basi!" A Lyimo anaponda phazi limodzi m'chipinda akuti, "Baba, ndipatseni, ndi changa chimenecho," koma Abusa anakumbatira chikho pachifuwa n'kuwayang'ana mpaka anabwerera pakhomo. Sindikudziwa kuti zinatenga mphindi zingati. Munthu amene madzi a supuni imodzi ankamutsamwa anamwa theka la chikho chija, kumeza kumodzi, kupuma, kumeza kwina, ife titangoima, osatha kuwathandiza, osathanso kuyang'ana kumbali. Ndaona zinthu m'moyo wanga, koma sindinaonepo munthu akugwira ntchito yolemetsa ngati imeneyo.

Pomaliza anapendeketsa chikho monga ndinkawaonera zaka zonse zija. Kenaka anachizondotsa pamwamba pa nsalu yoyera kuti tonse tione. Sipanagwe dontho.

"Lyimo," anatero m'Chiswahili, "palibe chotsala. Pita kwa mwana wako." Ndiye kwa ine, m'chathu, "A Banda, muchiwiritse kaye. Ndipo m'limba musachibwezenso. Mphemvu zachuluka."

Anamwalira Loweruka la sabata yomweyo, m'mawa, belu litangolira.

Nditapuma ntchito

Ndinagwirabe chaka chimodzi ndi theka pansi pa a Lyimo, amene anakhala mkulu wa koleji. Za limba sanandifunsepo. Kwa Mzee Shabani ndinapita ndekha kukapepesa, ndipo anandikhululukira atanditukwana kaye mokwanira, monga kunayenera. Chikho chinabwerera pa guwa. Masiku ano chimakhala pakati, timakapu ta Che Ajida titachizungulira, ndipo sindinamvepo wina akudandaula kuti ndi ta pa kona.

Ndimadzifunsabe ngati ndinachita bwino. Ndinaba, ndinanama katatu, ndinatsala pang'ono kumangitsa munthu wosalakwa, zonsezo kuti Abusa asamwe chotsala cha anthu ena. Sindinawapulumutse. Ndipo pamapeto pake anamwabe chotsala, kuti wina asamwe chawo. Kamwana ka a Lyimo kaja tsopano kamathamanga pansi pa mango, ndipo tsiku lina ndikapita kukacheza kanandilanda chipewa.

Tsiku lotsanzikana anandifunsa chimene ndikufuna kutenga ngati chikumbutso. Ndinapempha kakapu kamodzi, kamene ndinamwera pakhonde paja. Kanang'aluka m'mlomo m'mawa womwewo, chifukwa Abusa atazondotsa chikho ndinakagwetsa osadziwa. Ndi kamene kali pamwamba pa kabati, Tadala. Ukamapukuta fumbi uzikanyamula ndi manja awiri, ukatha uzikabwezera pomwepo.